Mzime ndi Magalasi Odana ndi Mafuta

M'nyumba imene Mzime anakuliramo, kutuwa unali mlandu waukulu kuposa kunama. Amayi ake anali ndi saluni m'chipinda chakumaso, yamipando iwiri ndi galasi limodzi lalitali, ndipo mwana wofuna kutuluka ankayamba waima pakhomo la saluniyo kuti amuyendere. Amayiwo ankayang'ana zigongono, mawondo, zidendene ndi kuseri kwa makutu. Akapeza pena patuwa mbuu, ankasiya mutu wa kasitomala uli theka, n'kumukokera mwanayo pakati pa miyendo yawo.

"Ukufuna anthu azinena kuti kwanu kulibe mayi?" ankatero, akumupaka mafuta mpaka achite kunyezimira ngati poto watsopano.

Ana anali awiri, wamwamuna ndi iyeyu wotsiriza, n'chifukwa chake dzina loti Mzime linamukakamira mpaka anayamba kumera imvi. Bambo awo anamwalira ana akadali aang'ono. Pakamwa pa amayi ake Mzime sanatengere, poti iye anali munthu wosowa mawu, woti ukamuponda phazi m'basi amapepesa ndi iyeyo. Anatengera manja. Ankaluka tsitsi mosakoka, mosanjenjemera, moti makasitomala ena ankagona tulo akuwaluka. Banja analiyesa kamodzi, silinamuyanje, anabwerera kwa amayi ake ndi sutikesi yomwe anapita nayo.

Kumapeto kwa msewu wa mafakitale kunali nyumba yaitali yopanda mawindo, kumene ankapanga magalasi a makina oonera nyenyezi. Mzime analowa kumeneko ngati wochapa ndi kupinda zovala za antchito. Chaka china anafuna anthu a manja okhazikika, ndipo mayeso ake anali osavuta kunena: kunyamula tsamba la galasi lopyapyala ngati khungu la anyezi, n'kulisamutsira m'thireyi ina. Ambiri anaphwanya. Mzime ndi anzake ochepa sanaphwanye, choncho anawatenga.

Injiniya wamkulu, amene onse ankamutcha a Dazi ngakhale pamaso pake, ndiye anawafotokozera ntchito.

"Kuwala kumene tikusaka ife si kumene maso amaona," anatero. "N'kofanana ndi kuja amatiunikira nako mafupa kuchipatala, ekisireyi, koma kochokera kutali, ku nyenyezi zimene zikuphulika. Kuwala kumeneku kukamenya galasi mwachindunji kumangolowerera, sikubwerera. Koma kukafika chammbali, kongokhudza pang'ono, kumadumpha ngati mwala wophwatalala pamadzi. Ndiye magalasi athu si ambalembale ngati a kunyumba kwanu ayi. Ali ngati makapu opanda pansi, olowetsana lina m'kati mwa linzake. Kuwala kumadutsa m'mipatamo, n'kukhudza galasi kawiri, n'kukakumana pamalo amodzi."

Ntchito ya Mzime inali kusanja makapu amenewa tsamba ndi tsamba. Ankatenga galasi lopindidwa kale mu uvuni ndi kukutidwa golide, n'kuligoneka pamwamba pa linzake, pakati atayalapo timizati tating'ono ngati timitengo ta machesi, topakidwa guluu. Tsamba likakhala, makina ankaliyeza, guluu n'kuuma, kenako tsamba lina pamwamba pake. Likalakwika limodzi lapansi, onse apamwamba alakwika nalo. Ntchitoyi anaikonda, tisabise. Kunali zii kuchipinda chosanjira magalasiwo, chimene ankachitcha chipinda choyera, kopanda wokalipa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake kusalankhula kunali luso.

Koma chipinda choyeracho chinali ndi lamulo lake lalikulu: mafuta ayi. Odzola ayi, am'tsitsi ayi, paudala ayi, perefyumu ayi. Munthu ankalowa atakutidwa ndi chovala choyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, maso okha ali pamtunda, m'manja muli magolovesi. A Dazi ankati mafuta ali ndi miyendo, amachoka pachala n'kukwera pagolovesi pamene ukuvala, kuchoka pagolovesi n'kukakhala pagalasi, ndipo akakhalapo guluu sagwira.

Amayi atamva zimenezi anaika chipeso pansi.

"Ntchito yoletsa munthu kudzola ndi ntchito kapena ndende?"

"Ndi magalasi, Amayi. Amadana ndi mafuta."

"Magalasi anji osati munthu n'kudziyang'aniramo? Ndiye uzituluka m'nyumba muno uli mbuu ngati wagwa m'thumba la simenti, anthu aziti mwana wa mwini saluni uyo? Uzidzera khomo lakuseri, iwe, usandithawitsire makasitomala."

Ankanena moseka, koma Mzime anayambadi kudzera khomo lakuseri. M'basi ankabisa manja pansi pa chikwama. Zala zake zinkang'ambika m'mbali mwa zikhadabo chifukwa cha sopo wa kuntchito, ndipo kondakitala akatambasula dzanja, iye ankayang'ana kumbali. Ankadzola Lachisanu akaweruka, n'kunyezimira Loweruka, pofika Lolemba wabwerera ku mbuu wake. Zaka zinapita motero, manyazi osatha koma atazolowereka, ngati nsapato yothina.

Kenako amayi anadwala sitiroko. Anagwa m'saluni momwemo, chipeso chili m'manja. Atatuluka m'chipatala mbali yakumanja inali itafa, mawu akutuluka pang'onopang'ono, ngakhale lilime linali lakuthwa ngati kale. Saluni inatsekedwa, ndipo Mzime anakokeramo bedi kuti amayi azigona chipinda cholowa dzuwa. Masana ankakhala nawo mayi wa nyumba yoyandikana, wosoka zovala, amene onse ankamutcha Atelala. Ankabwera ndi nsalu zake zopinda m'mphepete, n'kumawapatsa mankhwala ndi nkhani za mumsewu. Achimwene ake a Mzime ankabwera Lamlungu ndi akazi awo, atanyamula malalanje ndi malangizo.

Kusamba kokha amayi anakana kuti awagwire munthu wina. "Thupi langa si chionetsero," anatero. "Ndili ndi mwana wanga." Ndiye m'mawa uliwonse Mzime ankafunditsa madzi, kuwasambitsa, kuwapukuta, kenako n'kutsegula botolo la mafuta aja a ku saluni, oterera, onunkhira, amene amayi ankawakhulupirira kuposa mapiritsi a dokotala. Ankawapaka msana, mapewa, mwendo wamoyo ndi wakufa womwe. Imeneyi ndiyo inali nthawi yokhayo imene nkhope ya amayi inkamasuka. Ankatsinzina, n'kumamuuza pokanda ndi pofinya, ndipo nthawi zina ankagwira dzanja lake ndi dzanja lawo lamanzere n'kulisisita kuti nalo lilaweko mafuta.

Akamaliza, Mzime ankasamba m'manja ndi sopo wotsukira mbale mpaka khungu kuwawa, n'kuthamangira basi. Ankadziuza kuti sopo wachotsa zonse. Pansi pa mtima ankadziwa kuti akudzinamiza, koma munthu ukafuna kusamva mtima wako, phokoso la basi limathandiza.

Patapita miyezi ingapo, timizati tinayamba kumatuka. Poyamba kamodzi, kenako tambiri. Gawo lathunthu la magalasi, limene anthu anaweramira kuyambira nyengo yozizira mpaka yotentha, linalephera mayeso, ndipo analitulutsa m'chipinda choyera pangolo, litafundidwa pulasitiki. Oyeza anapeza chimene chinachititsa: mafuta a mtundu woterera uja amauika m'zodzola ndi zam'tsitsi, umene sopo sauchotsa msanga. A Dazi anaitanitsa onse m'chipinda chodyera.

"Sindikufuna kuloza munthu chala," anatero, "koma wina mwa ife akulowa ndi mafuta."

Palibe analoza chala, n'zoona, koma maso onse anapita kwa bambo wina wa ku uvuni, wa nkhope yonyezimira mwachibadwa, amene ankamutcha Nyezinyezi.

"Ine ndiye ayi, abale!" anakuwa Nyezinyezi. "Nkhopeyi ndi ya agogo anga, sindinagule m'sitolo!"

Anthu anaseka. A Dazi nawo anamwetulira, kenako maso awo anagwera pa Mzime, amene anakhala pakona atagwira kapu ya tiyi wosamwa.

"Tengerani chitsanzo kwa mayi awa. Mayi, taimikani mkono anthu aone. Onani chigongono icho! Ameneyu ndiye munthu wolemekeza galasi."

Anamuombera m'manja. Wina anati apatsidwe mendulo ya kutuwa. Mzime anaimika mkono wake wa mbuu pamaso pa anthu onsewo, ndipo manyazi amene anamugwira sanali aja a m'basi ayi. Awa anali otentha, oyambira m'mimba, ofika mpaka m'makutu. Akanatha kunena mawu ochepa chabe, akuti amayi akudwala, ndimawadzoza m'mawa. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, ndipo iye anangotsitsa mkono n'kuyang'ana m'kapu.

Lamulo linakhwima tsiku lomwelo. Gawo lotayikalo linayenera kuyambidwanso, Loweruka lomwe akugwira ntchito. Aliyense ankapakidwa kathonje m'manja pakhomo, kathonjeko n'kukayezedwa, ndipo wopezeka ndi mafuta, kaya anawagwira dzulo kaya dzana, ankachoka m'chipinda choyera osabwereranso.

M'mawa mwake Mzime anawasambitsa amayi, kuwapukuta, n'kuwaveka diresi.

"Mafuta?" anafunsa amayi.

"Atha, Amayi. Ndigula."

Botolo linali kuseri kwa mapoto, lodzaza kupitirira theka, ndipo analibisa atalikulunga m'nyuzipepala kuti asalikhudze. Mawa lake anati waiwala. Mkuja wake anati m'sitolo mulibe. Amayi sanafunsenso, zimene zinamupweteka kuposa kufunsa. Khungu la munthu wogona limauma msanga. Miyendo inayamba kutuwa, kenako kuchita mamba, ndipo pabulangeti lakuda pankatsala tofumbutuka toyera.

Lamlungu anabwera achimwene ake ndi akazi awo, ndipo anatengana ndi amayi awiri amene kale anali makasitomala a saluniyo. Analowa ndi phokoso, akununkhira, akuseka. Mlamu wake wa Mzime, munthu wosadziwa kunong'ona, anavundukula bulangeti kuti aone ngati mapazi atupa.

"Iii, alamu! Miyendo ya amayi yatani? Ndiye kutuwa kumeneku? Inu mumapukuta magalasi a kumwamba, amayi anu pansi pano akuchita kufumbutuka?"

Makasitomala aja anayang'ana kudenga, wina n'kuyamba kufunsa za mtengo wa malalanje. Amayi anatambasula dzanja lamanzere, n'kukoka bulangeti pang'onopang'ono mpaka linaphimba mapazi. Zinawatengera nthawi, ndipo palibe anayerekeza kuwathandiza. Mayi amene anakhala zaka zonse akuyendera zigongono za ana ake anali chigonere m'saluni yakeyake, akubisa miyendo pamaso pa anthu amene ankawakongoletsa.

"Bweretsani mafuta ndiwadzoze ine," anatero mlamu uja.

"Ayi," anatero amayi, maso ali kukhoma. "Mwana wanga watanganidwa sabata ino basi."

Kumuikira kumbuyo kumeneko ndiye kunamumaliza Mzime. Anathawira kukhitchini, n'kutsegula mpope kuti asamveke akulira.

Nzeru inamufikira ali kuntchito, akuvala. Poweruka anadzera ku famase n'kugula bokosi la magolovesi. M'mawa mwake atawasambitsa amayi, anawatembenuzira kukhoma, n'kuvala epuloni ya pulasitiki ndi magolovesi awiriawiri dzanja lililonse, monga amachitira kuntchito, osakhudza kunja kwake.

"Mafuta apezeka, Amayi," anatero ali kumbuyo kwawo.

"Eya," anatero amayi, ndipo mapewa awo anamasuka. Fungo linadzaza chipinda. Mzime anathira mafuta m'dzanja n'kuyamba pamsana. Anasisita kamodzi, kawiri. Kachitatu anamva msanawo ukuuma pansi pa dzanja lake.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Chiti, Amayi?"

"Usandipusitse. Chafa ndi mwendo, osati khungu. Bweretsa dzanja ndilione."

Analibweretsa. Amayi analiyang'ana nthawi yaitali, lili m'golovesi labuluu, lonyezimira ndi mafuta.

"Ndayamba kununkha?"

"Ayi, Amayi! Ndi zakuntchito. Mafutawa sachoka m'manja, ndiye anaononga magalasi. Akuyeza aliyense pakhomo. Akandipeza nawo andichotsa."

Anafotokoza zonse, za timizati, za guluu, za ngolo yofundidwa pulasitiki, mawu akuthamangitsana, iye amene sankatha kulankhula. Amayi anamvetsera osamudula. Sikuti sanamve ayi, mutu wawo unali wakuthwa. Anamva bwinobwino.

"Ine m'chipinda chino," anatero potsiriza, mawu akutuluka limodzilimodzi, "magolovesi ndinkavalira mitu ya zilonda. Ndipo ndinkayamba ndapepesa." Anatembenuzira nkhope kukhoma. "Maliza. Uchedwa basi."

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda bwino, ngati kuyenda bwino n'kumeneko. Kathonje ka pakhomo sikanapeze kanthu. Timizati tinagwira. Miyendo ya amayi inasiya kufumbutuka, ndipo mlamu anayamikira kuti malangizo ake agwira ntchito. Koma amayi sankatsinzinanso podzozedwa, sankanenanso pokanda. Ankapereka mkono ngati munthu woyembekezera jekeseni, ndipo Mzime akamaliza ankati, "Zikomo, anamwino." Tsiku loyamba Mzime anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zawo zija. Anaseka yekha.

Ankadzilimbitsa mtima ndi mawu amodzi: tikamaliza. Tikamaliza gawo ili ndipempha tchuthi, ndivula zonsezi, ndiwadzoza ndi manja anga mpaka atope. Ankawauzanso amayi, iwo n'kungoti, "Chabwino." Koma gawolo lisanafike n'kumapeto komwe, a Dazi anayamba kuyendayenda ndi mapepala a kapangidwe katsopano, maso akuwala ngati mwana wogulidwa nsapato. Magalasi otsatira adzakhala opyapyala kuposa awa, othithikana kwambiri, kuti m'chimango chomwecho chosanjamo magalasi mulowe masamba ochuluka ndi kukola kuwala kochuluka. Anamuimitsa Mzime m'khonde.

"Mayi, pa atsopanowa ndikufuna inu kutsogolo. Manja ngati anuwa ndilibe ena. Mukuti bwanji?"

Apa ndiye panali ponenera. Khonde linali lopanda anthu, a Dazi sanali munthu woipa mtima, ndipo mwina akanamupezera ntchito ina ya kunja kwa chipinda choyera. Mzime anadziwa zonsezi. Anaganizanso za bata la m'chipinda muja, za tsamba la golide likukhala pamalo pake ndendende, makina n'kuyatsa nyale yobiriwira. Anamva pakamwa pake pakuyankha pasanapemphe chilolezo kwa mwini wake.

"Ndavomera, bwana. Zikomo."

Ndipo anakondwa. Chimene chinamuchititsa manyazi kwambiri m'basi pobwerera n'chakuti anakondwadi.

Tsiku limenelo anaweruka masana, chifukwa tsamba lomaliza la tsikulo linafunika kusiyidwa kuti guluu aume. Anatsika basi dzuwa likadali pamutu, n'kugula nthochi zoti akayambire nazo nkhani. Njira yonse ankakonza mawu owauzira amayi kuti tchuthi chija chasunthira kutsogolo pang'ono. Atafika pakhomo anamva kuseka. Kunali kuseka kwa amayi, kopotoka chifukwa cha matenda koma kwawo ndithu, kumene anali asanakumve kwa nthawi yaitali. Fungo la mafuta linamupeza asanatsegule chitseko cha saluni.

Amayi anagona chammbali, diresi litatsitsidwa mpaka m'chiuno. Atelala anakhala m'mphepete mwa bedi, manja a bulauzi atapindidwa, akusisita msana wawo ndi manja awiri opanda kanthu, zala zokhakhala chifukwa cha singano zikuterera pamapewa. Amayi anali atatsinzina.

"Pamenepo, pansi pang'ono. Eya, pamenepo. Finyani, musaope, sindisweka."

Mzime anaima pakhomo ndi nthochi zake. Atelala ndiwo anayamba kumuona.

"Aa, mwafika, achemwali? Musadabwe, anandipempha okha. Tayamba sabata yatha. Ndimati ndikuuzeni, iwo anati ayi, musamusokoneze mwana, ali ndi ntchito yaikulu."

Amayi anatsegula maso. Sanakoke nsalu kuti adziphimbe, sanaoneke okwiya, anangomuyang'ana mwana wawo mwaulemu, monga umayang'anira mlendo wofika nthawi yolakwika.

"Waweruka msanga," anatero.

"Guluu akuuma, Amayi."

"Chabwino."

Atelala sanaone chilichonse chachilendo. Anakhutchumula botolo, n'kuthira mafuta ena m'dzanja, ena n'kuyenderera m'mbali mwa botolo mpaka pachigongono chawo.

"Iii, taonani ndikutayatu. Tandigwirirani botololi, achemwali, nditsirize mwendo uwu."

Anatambasula dzanja, botolo likudontha. Linali pafupi, sitepe imodzi yokha. Mzime sanaganize kanthu, sanasankhe kanthu. Nthochi zinagwera pansi, ndipo manja ake onse awiri anathawira kumbuyo kwa msana okha, n'kukagwirana kumeneko.

Atelala anatsala atatambasula dzanja, pakamwa pali yasa. Mzime anafuna kubweza manjawo kutsogolo, koma zinali zitaoneka kale, ndipo amayi anali ataona zonse kuyambira pachiyambi.

"Ikani pansi, Atelala," anatero amayi mofatsa. "Mawa ali ndi ntchito."